Tsiku loyamba la TP m'kalasi ya sayansi: muyambire apa

Nyengo ya TP (teaching practice, kuyeserera uphunzitsi) ikayandikira foni yanga siipuma. Wina ndi wa ku Nalikule, wina wa ku Domasi, wina wa ku Mzuni kapena ku Chanco, onse atumizidwa kudzayeserera uphunzitsi m'masukulu a kuno ku Kasungu, ndipo funso lawo ndi limodzi: "A HOD, tsiku loyambalo ndikayambire pati?" A HOD-wo ndi ine, mkulu wa dipatimenti. Ndayankha pafoni, ndayankha mu sitafu, ndayankha titaima pa depoti. Tsopano ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomutumizira.

Kalembedwe ka lesson plan munaphunzira kale kukoleji, sindibwereza. Ndikulankhula ndi inu amene mukukaphunzitsa Chemistry, Physics kapena Biology pa CDSS, masekondale oyendera a m'madera aja amene kale anali ma MCDE (masukulu a Malawi College of Distance Education) boma lisanawasinthe mu 1998. Ambiri alibe labu, kapena ilipo koma pa mpopi sipatuluka madzi, ndipo kalasi imodzi itha kukhala ndi ana 70 kapena 80. Ngati mwagwera pa sukulu ya zipangizo zokwanira, zambiri mwa izi zikuthandizanibe.

Chimene ndimafuna pa tsiku loyamba ndi chakuti ana atuluke akudziwa zinthu ziwiri: pa phunziro lanu amagwira zinthu ndi manja awo, ndipo mukati "siyani" amasiyadi. Silabasi mudzaithamangira mawa.

1. Fikani kutatsala masiku awiri kapena atatu

Kasungu ndi wamkulu. Sukulu imene pa kalata angolemba kuti "Kasungu" itha kukhala ku Chamama, ku Santhe, kwa Chulu kapena ku Nkhamenya, ndipo mukangosiya M1 nthawi ya dzinja, ulendo umadalira wa njinga yamoto ndi matope a tsikulo. Tsiku lofunafuna nyumba lisakhale lomwelo loyamba kuphunzitsa.

Mukafika, kalata ya kukoleji ili m'manja, yambirani kwa a hedi. Musakakhale pampando mu sitafu musanaonekere ku ofesi, ngakhale pasukulupo pali mnzanu. A hedi akuperekani kwa a depute, amene nthawi zambiri ndiwo amasunga taimutebulo ndi kuona za mwambo wa ana. Kuchoka apo ndi kwa a HOD a sayansi, kenako kwa mwini kalasi, mphunzitsi amene mukumulandira phunziro lake. Kukoleji amamutcha mentor. Ameneyu ndiye munthu wanu teremu yonse. Moni wanu ufikenso kwa alonda, ndi kwa amene amasunga kiyi wa chipinda cha zipangizo.

Kwa mwini kalasi pemphani silabasi, mndandanda wa mayina a ana, mabuku, ndi sikimu. Sikimu ndi buku lija la schemes and records of work: mbali ina muli zimene anakonza kuphunzitsa sabata iliyonse, mbali ina zimene anaphunzitsadi. Liwerengeni, koma musalekere pomwepo. Bwerekani makope atatu, la mwana wakhama, la wapakatikati ndi la amene amavutika, muone pamene notsi zinathera. Sikimu itha kunena kuti mutu unatha, chonsecho sabata imeneyo kunali maliro m'mudzi ndipo theka la kalasi silinabwere. Funsani. Safunsa anadya phula.

Mu laibulale mupezamo mabuku akale olembedwa Physical Science. Kuyambira 2015 phunziroli linagawidwa, Physics payokha, Chemistry payokha. Mabukuwo ali ndi zitsanzo zabwino, koma ndondomeko ya mitu tsatirani ya m'silabasi imene mwapatsidwa.

Mpata ukapezeka, khalani kumbuyo pa phunziro limodzi la mwini kalasi. Tcherani khutu ku chilankhulo chimene ana akunong'onezana. Kumpoto kwa boma lino, cha kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, ambiri kunyumba amalankhula Chitumbuka, ndipo ndi bwino mudziwiretu.

2. Kaoneni kalasi ili yopanda anthu

Werengani madesiki. Lembani mawu pa bolodi, mukakhale pa desiki yomaliza, muone ngati akuwerengeka. Mabolodi ambiri anayera pakati, ndipo dzuwa la pa windo limaphimba mbali imodzi m'mawa. Onani timipata todutsa pakati pa mizere, pa sitepe 6 mudzatifuna.

Muli awiri ndi mwini kalasi, funsani za ana oyenera kukhala kutsogolo: osamva bwino, osaona patali, ndi ana achialubino, amene ambiri maso awo amavutika ndi za pa bolodi. Akakuuzani za mtsikana amene anabwerera kusukulu atabereka, monga Unduna wa Maphunziro wakhala ukulolera kuyambira 1993, imvani n'kusunga mumtima. Imeneyo si nkhani ya m'kalasi.

3. Tsekulani kabati ya zipangizo muli ndi mwini wake

Musatsekule nokha. Lembani zimene zilipo, ndi zimene zasweka kale, awiri nonse muone, kuti pochoka pasadzakhale kulozana zala.

Botolo lopanda chizindikiro, kapena limene pepala lake linafufutika, musalitsekule, musalinunkhize, musaligwiritse ntchito. Auzeni a HOD. Mukapeza sodium, iyenera kukhala yomira m'mafuta ake. Ngati mafuta atsika, nenani, ndipo isayandikire madzi. Mukadzafuna kusungunula asidi wamphamvu tsiku lina, asidi ndiye amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi. Nyale ya sipiriti lawi lake masana silioneka bwino, ndipo siithiridwa sipiriti ili chiyakire. Zonsezi ndikunenera za m'tsogolo. Tsiku loyamba moto ayi, asidi wa m'botolo ayi, simunawadziwe anawa.

4. Sankhani experiment imodzi yaing'ono, muiyese nokha madzulo

Mudzamva mawu awiri mu sitafu. TALULAR ndi kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo. SMASSE ndi maphunziro a aphunzitsi a masamu ndi sayansi amene anayamba m'dziko muno mu 2004 mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, ndipo mfundo yake ndi yomweyo: ana achite okha, ayese, ndipo chipangizo chikasowa mphunzitsi apange cha m'malo mwake. Pa CDSS simungachitire mwina, ndipo kunena zoona ana amagwira msanga sayansi imene yachokera kukhitchini kwa amayi awo.

Nachi chitsanzo chimene ndimachikonda, ngati kalasi yafika pa mutu wa acids and bases. Indicator, madzi osintha mtundu akakumana ndi acid kapena base, mupange ndi chidede. Viikani zikhokho zake zofiira zija m'madzi otentha mphindi 10, musefe. Chidede chikasowa, maluwa ofiira a hibiscus a pa mpanda amagwiranso. Zoyesa zikhale zitatu: madzi a mandimu, madzi a soda wophikira, ndi chidulo, madzi aja osefedwa paphulusa la zitsononkho kapena makoko a nyemba amene amathira ku therere. Mandimu pH yake ili cha pa 2, soda cha pa 8, chidulo chimaposa soda chifukwa muli potassium carbonate wochokera m'phulusa. Chidede chikadonthera pa mandimu chimafiira mowala, pa soda chimathimbirira n'kuyamba kubiriwira, pa chidulo chimabiriwira ndithu.

Pali msampha umodzi. Chidede pachokha n'chowawasa, muli kale asidi. Mukachipanga chokhathamira kwambiri, soda wochepa sachisintha mtundu, ndipo magulu onse adzakuuzani kuti soda ndi asidi. Chisungunuleni ndi madzi mpaka chizionekera. Ichi ndicho chifukwa ndikuti muyese nokha, ndi timakapu tomweto, madzi a pa mjigo womwewo, ndi muyeso womwewo umene ana adzagwiritse ntchito. Experiment imene munangoiwerenga m'buku musalowe nayo m'kalasi.

Timakapu ndi matako a mabotolo a madzi odulidwa, oyera oonekera. Zodonthezera ndi mastiro oduladula. Pansi muyale pepala loyera kuti mtundu uoneke. Ana 80 ndi magulu 10, kutanthauza timakapu 30 ta zoyesa, tolembedwa A, B ndi C, ndi timabotolo 10 ta chidede. Za gulu lililonse, kupatula chidede, ziikeni pa chivindikiro chake cha katoni madzulo omwewo. Ndowa ziwiri: ya madzi oyera ndi yotayiramo.

Ngati mwapatsidwa Physics kapena Biology, mfundo ndi yomweyi. Kanthu kamodzi, kotha m'mphindi 10, kopanda moto, koti diso lione kusintha.

Piriyodi ndi mphindi 40. Zigaweni motere: 5 moni ndi malamulo, 5 funso lotsegulira, 5 malangizo ndi kugawa, 10 ntchito, 3 kutolera, 8 kukambirana, 4 funso lomaliza. Ngati a depute angakupatseni dabulo piriyodi, landirani ndi manja awiri, koma musawonjezere experiment yachiwiri. Nthawi yotsalayo ipite ku kukambirana.

5. M'mawa wake ndi mphindi zisanu zoyamba

Valani monga aphunzitsi a pamalopo amavalira, nsapato yotseka. Fikani asembule isanayambe, muime pamodzi ndi aphunzitsi anzanu. Zipangizo zikhale kale pafupi ndi kalasi, zovindikira ndi nsalu. Choko ndi dasita zikhale zanu m'manja, musatume mwana kukazifuna phunziro litayamba.

Pemphani mwini kalasi akulowetseni ndi kukutchulani ngati mphunzitsi wa phunzirolo teremu ino, kenako akakhale kumbuyo. Ana adzaimirira kukupatsani moni. Yankhani, muwakhazike, mulembe dzina lanu pa bolodi monga mukufuna azikutchulirani. Mbiri ya moyo wanu isadutse ziganizo ziwiri. Musapepese kuti ndinu wophunzira chabe, ndipo musawopseze kuti ndinu wovuta. Onse awiri ana amawayesa tsiku lomwelo.

Malamulo akhale atatu. Palibe kulawa kanthu pa phunziro la sayansi, ngakhale ndi mandimu amene mumadya kunyumba. Palibe kugwira chipangizo ndisananene. Chikatayika kapena kusweka, nenani msanga, wonena salangidwa. Lachitatuli linenetseni, chifukwa mwana woopa chilango amabisa ngozi.

Kenako funso. "Ndani anaonapo amayi akusefa chidulo? Amachithira ku ndiwo zanji? Nanga bwanji sathira mandimu m'malo mwake?" Manja adzakwera, ngakhale a ana amene sanayankhepo funso la Chemistry chiyambire teremu.

6. Kugawa zipangizo ndi kuitananso kalasi

Apa ndi pamene phunziro limafera, ndipo mu lesson plan pamangolembedwa mzere umodzi wakuti ana achita experiment m'magulu. Mzere umenewu uli ndi ntchito yoposa mizere ina yonse. Ndaona aphunzitsi a TP odziwa Chemistry bwino kwambiri ataima kutsogolo, mawu atasasa, ana 80 ali chilili kulimbirana mabotolo, belu n'kulira asanalembe kanthu. Akatero amalumbira kuti experiment ayi, n'kubwerera ku kulembetsa notsi mpaka teremu kutha. Zimandipweteka, chifukwa cholakwika sichinali experiment. Tsatirani ndondomeko iyi osadumpha.

Choyamba, malangizo onse aperekedwe zipangizo zili chivindikirire. Mwana akangogwira kanthu m'manja, makutu amatseka. Lembani masitepe pa bolodi, mizere itatu kapena inayi, ndi tebulo lolembamo zotsatira: dzina la choyesa, mtundu umene akuganiza kuti uoneka, mtundu umene waonekadi. Onetsani kamodzi kadonthezedwe ndi madzi wamba, kuti musaulule yankho. Kenako lozani mwana mmodzi wa kumbuyo afotokozere anzake m'Chichewa zoti achite. Akasokoneza, dziwani kuti theka la kalasi lasokonezanso, bwerezani.

Chachiwiri, phunzitsani chizindikiro choimitsira ntchito, ndipo muchiyeserere. Changa ndi kugogoda patebulo katatu ndi dasita n'kukweza dzanja. Tanthauzo lake: manja achoke pa zipangizo, pakamwa patsekeke, maso kuno. Auzeni alankhulane pang'ono, gogodani, muone. Bwerezani kawiri. Adzaseka, asekeni nawo, koma chitani. Mphindi imodzi imeneyi ndiyo idzakupulumutseni teremu yonse.

Chachitatu, magulu apangidwe popanda kusuntha desiki. A mzere woyamba atembenukire a mzere wachiwiri, achitatu atembenukire achinayi, basi gulu lapangika. Zowerengetsa ana 1, 2, 3 kuti a nambala yofanana akumane, m'kalasi ya anthu 80 zimadya mphindi 10 ndipo fumbi lake simungalipirire.

Chachinayi, ntchito m'gulu mugawe ndinu. Wotenga zipangizo, wodontheza, wolemba, wodzanena zotsatira. Mukawasiya asankhane okha, anyamata amalanda mastiro, atsikana n'kupatsidwa cholembera, ndipo zikayamba choncho tsiku loyamba zimakhazikika. Nenani poyera kuti m'magulu a mbali ya ku windo wodontheza akhale mtsikana, mbali inayo wonena zotsatira akhale mtsikana, ulendo wina adzasinthana.

Chachisanu, oimirira ndi anthu 10 okha, otenga zipangizo aja, ndipo abwere asanuasanu. Aliyense anyamule chivindikiro cha gulu lake chokonzeratu. Chidede musapereke. Chikhale m'manja mwanu. Popanda chidede palibe chimene angayambe, choncho muli ndi mpata woti gulu lililonse lilembe kaye mtundu umene likuyembekezera. Gulu likakuonetsani kuti lalemba, lipatseni botolo lake. Yambirani magulu a kumbuyo. Pa experiment iliyonse imene mudzachite, funani chinthu chimodzi chotere choti muzisunga mpaka kumapeto: batire pa za magetsi, ayodini poyesa sitalichi.

Ntchito ikayamba phokoso lidzakwera. Musaope. Phokoso la ntchito limadziwika, mitu imakhala itawerama pakati pa gulu ndipo mumamva "taonani, chasintha!" Phokoso la masewera mitu imayang'ana kwina. Mphunzitsi wa kalasi yoyandikana muuzeniretu m'mawa kuti kwanu kumveka mawu. Yendani m'mbali mwa khoma kuti kalasi yonse izikhala pamaso panu, ndipo pa gulu limodzi musapitirire mphindi imodzi. Akakufunsani ngati apeza zolondola, afunseni chimene aona, alembe chomwecho. Gulu lomaliza msanga musalisiye chabe, ndilo limayambitsa chisokonezo. Lipatseni funso ili: mukathira mandimu pang'onopang'ono mu kapu yobiriwira ija, chichitike n'chiyani? Adzaona thovu, mtundu n'kubwerera kufiira, ndipo aona neutralisation musanaitchule.

Tsopano gogodani. Apa ndi povuta penipeni. Mukagogoda, ena adzasiya, ena adzapitiriza. Mtima wanu udzakuuzani kuti yambani kulankhula, nthawi ikutha. Musalankhule. Imani malo amodzi, dzanja lili m'mwamba, muyang'ane gulu limene likulankhulabe. Anzawo adzawatonthoza okha. Zimatenga mwina masekondi 20, koma kwa inu zidzaoneka ngati belu lilira muli chiimire. Pirirani. Mukayamba kulankhula anthu asanu akulankhulabe, mwawaphunzitsa kuti chizindikiro chanu n'chongopempha, ndipo mawa adzakhala khumi ndi asanu. Musakuwe, musamenye tebulo mobwerezabwereza. Pakakhala bata, thokozani mwachidule n'kupitiriza ndi mawu otsika, kuti azichita kutchera khutu.

Chomaliza, zipangizo zichoke pa madesiki musanayambe kukambirana. Otenga aja abweze, atayire mu ndowa, inu muwerenge zivindikiro 10. Siyani seti imodzi patebulo lanu yoti muzilozera. Mukasiya timakapu pamaso pawo, mudzakhala mukufotokoza za pH iwo akusakaniza mitundu.

7. Musafunse kuti "Are we together?"

Yankho lake ndi "Yes sir", "Yes madam", kalasi yonse pamodzi, ngakhale palibe wamva. Ana athu analeredwa kuti wamkulu sakanidwa. Ulemu umenewo ndi wabwino, koma inu sukuthandizani kudziwa chimene chalowa. Funsani funso loti "inde" sangaliyankhe. "Gulu la kumbuyo uko, pa kapu B munaona mtundu wanji? Ndiye B ndi chiyani? Mwadziwa bwanji?" Funsani kaye, muwerenge mpaka 5 chamumtima, kenako mutchule woyankha. Mukatchula dzina poyamba, ena 79 amapuma. Ndipo musamangotenga manja atatu omwe aja a kutsogolo.

Za chilankhulo. Sekondale timaphunzitsa m'Chingerezi, ndipo MANEB pa JCE ndi pa MSCE imafunsa m'Chingerezi. Koma mwana wa Fomu 1 kapena Fomu 2 wochokera ku pulayimale ya kumudzi amaganiza m'chilankhulo cha kwawo. Ine ndimatere: ndimanena m'Chingerezi, ana aone chinthucho, ndifotokoze mwachidule m'Chichewa pamene pavuta, kenako tibwerere ku Chingerezi n'kulemba. M'magulu alekeni akambirane m'chilankhulo chawo, koma wonena zotsatira ayese m'Chingerezi, ndipo akaphonya galamala musamudule pakamwa, mumve sayansi yake kaye. Mawu a sayansi enieniwo akhale m'Chingerezi pa bolodi. A Physics samalani kwambiri: force, energy ndi power mukazimasulira zonse kuti mphamvu, pa mayeso mwana adzazisakaniza. Funsaninso a HOD mmene sukuluyo imaonera nkhaniyi, chifukwa ma hedi ena safuna kumva Chichewa m'kalasi ngakhale pang'ono.

Mphindi 4 zomaliza, aliyense ang'ambe kapepala, alembe dzina lake ndi yankho la funso limodzi: chidulo ndi acid kapena base, ndipo umboni wake ndi wotani? Monitala atolere pakhomo.

8. Zikapanda kuyenda

Gulu lina lidzapeza mtundu wosiyana ndi anzawo. Kawirikawiri ndi sitiro imene yaviikidwa m'makapu awiri. Musawauze kuti alakwa n'kupitirira. Funsani kalasi chimene chingachititse zimenezo, ndipo mwaphunzitsa chifukwa chake zipangizo zimatsukidwa.

Mwana akafunsa funso limene simukulidziwa, musapeke yankho. Nenani kuti mubwera nalo pa phunziro lotsatira, mulilembe pakona ya bolodi, ndipo mubwere nalodi. Ana amakhululukira mphunzitsi wofufuza. Wonama akamugwira, samukhulupiriranso ngakhale pa zoona.

Padzapezeka wokuyesani, makamaka Fomu 3 ndi Fomu 4, kumene ena msinkhu wawo ndi wanu siutalikirana. Musakangane naye pagulu, pamenepo iye ali ndi omuchemerera, inu mulibe. Pitirizani kuphunzitsa mukuyenda mpaka muime pafupi ndi desiki yake. Akapitiriza, muuzeni motsitsa mawu kuti muonane belu likalira, ndipo mukaonane naye poonekera, mwini kalasi ali pomwepo. Kumenya n'koletsedwa. Kugwaditsa ndi kukumbitsa dzenje nthawi ya phunziro musayambe n'komwe, ngakhale muone wina akuchita. Milandu ikuluikulu ili ndi njira yake, kudzera kwa a fomu ticha ndi a depute.

Chidulo kapena mankhwala ena akagwera m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15. Tumani monitala akaitane mwini kalasi ngati watuluka, inu musasiye kalasi yokha ndi zipangizo. Mukatero kanenani ku ofesi tsiku lomwelo.

Ndipo ichi ndikunena ngati kholo. Nambala yanu ya foni si ya ana. Mwana asabwere kunyumba kwanu, kaya kudzatunga madzi, kaya kudzaphika, kaya kudzafunsa za homuweki. Wofuna thandizo amupeze mphunzitsi mu sitafu, chitseko chili chotsekula. Makolo a anawa amagulitsa fodya, soya ndi mtedza kuti mwana akhale pa desiki imeneyo, ndipo amupereka m'manja mwanu.

9. Belu likalira

Malizani pa nthawi, mphunzitsi wotsatira akudikira pakhomo. Fufutani bolodi. Tsukani timakapu, mudzatifunanso, ndipo zobwereka mubweze kwa mwini kiyi mukuwerenga pamaso pake.

Ola lisanathe lembani gawo la evaluation pa lesson plan yanu, zinthu zikadali m'mutu. Musalembe kuti phunziro linayenda bwino. Lembani kuti kugawa kunatenga mphindi zingati, gulu liti linatsalira, funso liti linasowa woyankha. Supavaiza wa kukoleji akadzabwera adzafuna kuona fayilo imeneyi, ndipo tsiku lobwera sanena nthawi zonse. Dzazaninso mbali ya records mu sikimu lero lomwe.

Kwa mwini kalasi pemphani chinthu chimodzi chokha choti mukonze mawa. Mukafunsa kuti "zinali bwanji?" adzakuuzani kuti zinali bwino, pokupatsani ulemu monga mlendo.

Madzulo tengani timapepala tija mutigawe milu itatu: amene ayankha ndi umboni, amene ayankha popanda umboni, ndi amene asokoneza kapena sanalembe. Ndi ntchito ya mphindi 15. Mayina a pa mulu wachitatu alembeni kuseri kwa lesson plan ya mawa, mufunse mwini kalasi pamene aliyense amakhala, ndipo mphindi zisanu zoyamba za phunziro lotsatira muzikonze poyang'ana zimene iwowo analemba.